Woyamba pa mavuto, wotsiriza pa zokoma: mawu aja anathera pati kuno ku Tete?

Pali mkangano wina umene sukutha kuno kwathu ku Angonia, umabuka pa maliro, pa msika, m'chapa popita ku Tete, paliponse pamene madala ndi anyamata akhala malo amodzi kwa kanthawi. Zimangotengera mkulu mmodzi kunena kuti "nthawi ya Samora izi sizikanachitika", basi nkhani yayambika. Anyamata amati inu madala mukutamanda munthu amene anakuunjikani m'midzi yokakamiza nkukuletsani gule, madala amati inu ana simunaonepo mtsogoleri woopa kukhudza ndalama ya boma, mwabadwa nthawi ya mashefe oyenda m'magalimoto a magalasi akuda. Ndipo mukakhala phee nkumvetsera bwinobwino, onsewo palibe akunama.

Pakati pa mkanganowu pamakhala mawu aja Samora Machel, purezidenti woyamba wa Mozambique, ankakonda kuuza atsogoleri a chipani chake cha Frelimo, akuti mtsogoleri azikhala woyamba pa kudzipereka, wotsiriza pa kulandira zokoma, primeiros nos sacrifícios, últimos nos benefícios. Ine nkhani yanga siyoti Samora anali woyera mtima kapena ayi. Nkhani yanga ndi yoti kuno ku Tete mawu amenewa akhala akuyenda chadodolido, woyamba kudzipereka nthawi zonse amakhala mlimi wa kumudzi, amapereka munda, nyumba, manda a makolo ake, pena moyo weniweniwo, koma ikafika nthawi yogawana zokoma ndi yemweyonso amaima kumapeto kwa mzere. Izi sizinayambe dzulo abale anga, nde tiyeni tibwerere m'mbuyo.

Poyamba tisamaganize kuti nzeru yoti mtsogoleri ndi wantchito wa anthu inabwera ndi Frelimo kuchokera ku Tanzania. Makolo athu anali nayo kale. Mu ufumu wa Undi, umene likulu lake linali ku Mano kuno kumpoto kwa Zambezi, anthu ankapereka mitulo kwa mfumu, minyanga, nyama, chakudya, koma njala kapena nkhondo ikagwa kwa mfumu ndi kumene aliyense ankathawira ndipo nkhokwe imayenera kutsegulidwa. Mpaka lero mafumu athu amapita ku Kulamba ku Mkaika, ku Katete m'dziko la Zambia mwezi wa Ogasiti, kukapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi ndi kukafotokoza mmene anthu awo akukhalira. Ndipo amene munaonerapo kulonga ufumu pamudzi mukudziwa kuti munthu sangokhala pampando, amayamba walangidwa kaye, akuluakulu ndi amayi a mbumba amamukhazika pansi nkumuuza zofooka zake zonse pamaso, kuti kuyambira lero usasiyanitse mwana wako ndi mwana wa mnzako, mlendo kukamudera agona kwa iwe, maliro akagwa pakati pa usiku woyamba kudzutsidwa ndiwe, akakutukwana umeze. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Sindikunena kuti mafumu onse akale anali abwino, ena anagulitsa anthu awo omwe kwa ogula akapolo a m'maprazo, malo akuluakulu aja a Apwitikizi m'chigwa cha Zambezi, koma muyeso woyezera mfumu unalipo, ndipo mfumu ikakula mtima anthu ankatha kuichokera nkukamanga mudzi kwina, iyo nkutsala ikulamulira mabwinja.

Apwitikizi ndi amene anautembenuza mpandowu kuti uziyang'ana ku boma, anthu uwafulatire. Mfumu inasanduka regulo, ntchito yake kutolera msonkho, kupereka mayina a amuna opita ku chibalo, kuyenda ndi asipayi, ndipo ikalephera kukwanitsa chiwerengero nayonso inkakamenyedwa m'manja ku boma anthu ake akuona. Mu 1917 anthu a ku Barue pansi pa Makombe anaukira chifukwa cha chibalo cha msewu komanso kugwidwa kwa amuna kuti akasenze katundu ku nkhondo ya azungu, ndipo kuukirako kunafalikira m'chigwa cha Zambezi mpaka ku Zumbo. Agogo athu ambiri a kuno kumapiri sanamenye nkhondo, ankangonyamuka usiku kuwoloka kupita ku Nyasaland, poti malire a 1891 aja anangodula pakati pa abale, mbumba imodzi ena ku Dedza ena ku Angonia.

Kenako kunabwera damu. Mu 1969 boma la Portugal linayamba kumanga Cahora Bassa kufupi ndi Songo, chikhoma cha mamita 171 pakati pa mapiri pomwe Zambezi amapanikizika, ndipo kumapeto kwa 1974 anatseka zipata, madzi nkuyamba kukwera, nyanja nkutambalala mpaka kufupi ndi Zumbo. Ankati ndi chitukuko cha aliyense, kudzakhala ulimi wothirira, mafakitale, magetsi. Koma pulani yeniyeni sinali yobisika, mawaya a makilomita pafupifupi 1,400 kuchoka ku Songo kukafika ku Apollo kufupi ndi Johannesburg kuti magetsi akagulitsidwe motchipa ku boma la tsankho la South Africa, komanso ankayembekeza kuti nyanjayo itchinga asilikali a Frelimo asawolokere kummwera. Anthu zikwizikwi amene ankalima m'mbali mwa mtsinje, m'madimba amene madzi osefukira ankawasiyira chonde chaka ndi chaka, anachotsedwa nkukaikidwa m'ma aldeamento, midzi yozunguliridwa ndi waya ndi asilikali, pa nthaka youma, kupita kumunda mpaka akuloleze, kubwerako dzuwa lisanalowe. Manda a makolo awo ali pansi pa madzi mpaka lero. Ndipo a kumunsi kwa damu nawo moyo unasokonekera, mtsinje umene ankaudziwa nthawi yake yodzaza ndi yophwera unayamba kuyendera zipata za ku Songo, madzi akhoza kubwera mwezi woti chimanga cha kudimba chili pafupi kucha nkukokolola zonse, ngati mmene anthu a ku Mutarara anaonera mu 1978.

Nthawi yomweyo nkhondo ya ufulu inali itafika kale. Frelimo inatsegulanso nkhondo ku Tete mu Malichi 1968 kudzera ku malire a Zambia, ndipo apa mawu a kudzipereka aja sanali a pakamwa chabe, poti msilikali wa m'tchire analibe malipiro, analibe galimoto, komanda ndi mnyamata wamba ankagona pansi pamodzi, njala ikawapeza inkawapeza onse. Komabe ngakhale pamenepo tifunsane, ndani ankasenza mabokosi a zipolopolo pamutu usiku kuchoka ku malire, kudutsa Maravia, Chifunde, Macanga mpaka kukawolotsa pa Zambezi ndi mabwato? Anali anthu a m'midzi, ambiri amayi ndi atsikana. Ndani ankasinja ufa wodyetsa asilikaliwo, m'mawa mwake nkuuza Apwitikizi kuti sitinaone munthu? Ndipo chilango chikabwera chinkagwera iwo omwewo, a m'tchire atapita kale.

Pa 16 Disembala 1972 makomando a Chipwitikizi anafika ku Wiriyamu ndi midzi yoyandikana nayo monga Chaworha ndi Juwau, kosatalikira ndi mzinda wa Tete, kwa abale athu olankhula Chinyungwe. Anasonkhanitsa anthu, ena kuwawombera pabwalo, ena kuwatsekera m'nyumba nkuponyamo mabomba ndi kuyatsa moto. Anafa anthu pafupifupi 400, makanda ndi amayi oyembekezera omwe. Nkhaniyi ikanakwiririka ngati zina zambiri zimene sitidzazimva, koma ovulala amene anakwanitsa kufika ku chipatala cha Tete anafotokoza, masisitere ndi ansembe a ku Spain a gulu la Burgos pamodzi ndi anthu a kumeneko analemba mayina a akufa mwachinsinsi akudziwa bwino lomwe kuti apolisi achinsinsi a PIDE akawagwira ndi ndende kapena kuthamangitsidwa m'dziko, mapepala anatuluka mobisa mpaka wansembe Adrian Hastings anaitulutsa nkhaniyo mu nyuzipepala ya The Times ku London pa 10 Julayi 1973, patangotsala masiku ochepa kuti Marcelo Caetano, mtsogoleri wa boma la Portugal nthawi imeneyo, afike kumeneko. Boma la Portugal linakanitsitsa, linati mudzi wotero pa mapu palibe. Zinatenga mpaka 2022 kuti nduna yayikulu ya Portugal nthawi imeneyo, António Costa, ali ku Maputo anene poyera kuti zimene zija ndi zosakhululukika. Zaka pafupifupi 50.

Ufulu unabwera pa 25 Juni 1975, ndipo apa madala akunena zoona, Samora sankangolankhula ayi. Mu 1980 anayamba kutulukira mwadzidzidzi m'madoko, m'mafakitale, m'nyumba zosungira katundu, nkumapeza katundu akuwola m'kati anthu panja ali pa mzere wa sopo ndi shuga, nkumadzudzula madayirekitala pamaso pa antchito awo, ndipo nduna zina zinachotsedwa. Pa 5 Novembala 1981 anaima pa msonkhano nkudzudzula apolisi, asilikali ndi a chitetezo ake omwe chifukwa chomenya ndi kumanga anthu popanda mlandu. Katemera anafika m'midzi, akuluakulu anayamba kuphunzira kulemba ndi kuwerenga pansi pa mitengo, achinyamata ambiri mu 1977 anasiyitsidwa sukulu zimene ankazifuna nkutumizidwa kukakhala aphunzitsi kutali ndi kwawo ndipo anapita. Munthu wa udindo akapezeka ndi chuma chosadziwika kochokera ankagona tulo ta mantha. Mantha amenewo ndi amene madala akuwasowa lero, ndipo ine ndimawamvetsa.

Koma anyamata nawonso sakulakwa. Boma lomwelo linati mafumu onse ndi zotsalira za atsamunda, linawachotsa nkuika masekeretale ndi magulu a dinamizadore, osasiyanitsa regulo amene ankapereka anthu ku chibalo ndi nyakwawa imene inabisa asilikali a ufulu m'nyumba mwake. Gule wamkulu anati ndi umbuli, zilombo zinkatuluka mobisa. Minda imene azungu anasiya kuno ku Angonia m'malo mobwerera kwa eni nthaka inalowa m'kampani ya boma ya CAIA, anthu nkumagwira ganyu pa nthaka ya makolo awo. Kenako midzi ya komunali, munthu wangotuluka kumene mu aldeamento ya Mpwitikizi nkuuzidwanso kuti siya mudzi wako ukamange pa mzere uko, nchifukwa cha ubwino wa tonse. Mu 1983 kunabwera lamulo la chikwapu, ndi Operação Produção yotola anthu m'mizinda kukawatula ku Niassa ndi Cabo Delgado. Nde taonani, kudzipereka kolamulidwa ndi mfuti ndi chibalo chomwe chija changovala malaya ena. Ndipo kudzichepetsa kwa mtsogoleri sikuthera pa kukana ziphuphu kapena kuvala yunifomu ya msilikali wamba, kumafunanso kuti avomere kuti mayi wa ku Domwe amene sanapite ku sukulu akudziwa bwino pamene chimanga chake chimabereka kuposa shefe wochokera ku Maputo. Mbali imeneyi inasowa, ndipo Renamo, gulu lija linkamenyana ndi boma, itafika kuno inapeza anthu ena mitima itawawa kale.

Za nkhondo ya zaka 16 sindichulutsa gaga, banja lililonse kuno lili ndi manda ake kapena m'bale amene sanapezeke. Usiku Matsanga, asilikali a Renamo, kufuna ufa ndi osenza katundu, m'mawa asilikali a boma kufunsa kuti munawapatsiranji. Pofika 1992 Malawi inali ikusunga anthu athu opitirira 1 miliyoni, ndipo ku Dedza ndi ku Ntcheu ambiri sanakhale m'makampu ayi, analandiridwa m'midzi ndi abale komanso anthu wamba amene minda yawo inali yochepa kale, nkuwadulira kagawo kolima, kutunga chitsime chimodzi, kumaliza limodzi nkhuni za m'phiri, kuwalola kuika maliro pa manda awo. Anthu amenewo palibe anawaveka mendulo, mayina awo sali pa msewu uliwonse.

Ndipo pali anthu awiri amene ife a ku Angonia sitiyenera kuwaiwala. Bambo João de Deus Kamtedza, mwana wa konkuno, ndi Bambo Sílvio Moreira wochokera ku Portugal, ansembe a Chijezuiti amene ankakhala ku Chapotera kufupi ndi mishoni ya Lifidzi. Akanafuna akanachoka, malire ali pafupi pomwepa, koma anatsala ndi anthu, kuyenda m'midzi, kutonthoza ofedwa, ndi kudzudzula nkhanza zimene ankaziona ndi maso awo. Usiku wa pa 30 Okutobala 1985 anthu a mfuti anawatenga pa nyumba yawo nkukawapha. Dayosizi ya Tete inayambitsa ndondomeko yoti Mpingo uwavomereze ngati ofera chikhulupiriro. Kaya ndinu Mkatolika, kaya wa Reformada, Msilamu kapena wa kudambwe, mfundo ndi imodzi, anthuwa analibe mpando wa ndale koma anachita chimene a mipando ankangochinena pa msonkhano.

Samora anafa pa ngozi ya ndege ku Mbuzini pa 19 Okutobala 1986, mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, anthu anabwerera kudzapeza minda itamera tchire, kwina mabomba okwirira. Anaumba okha njerwa zomangiranso sukulu, kulambula misewu ndi makasu, kuika mitengo pa milatho yogumuka, mmene timachitira pa dima, lero kwa uyu mawa kwa uyo. Mu 2000 boma linawabwezera mafumu ulemu ndi Decreto 15/2000, kenako yunifomu, mbendera ndi kandalama. Ndi zabwino ndithu, komatu wokuveka ndi amene umamuopa, nde mafumu ena lero akaitanidwa ku msonkhano wa kampani yofuna malo amayamba ayang'ana nkhope ya administradolo asanayang'ane anthu awo.

Nthawi yonseyi damu lija silinali m'manja mwathu. Pa ufulu Portugal inatsala ndi magawo 82 pa 100 a kampani yoyendetsa damuli ya HCB, Mozambique 18 okha, ndipo nthawi ya nkhondo Renamo inagwetsa mapolo ambirimbiri moti magetsi anasiya kupita ku South Africa mpaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Pa 27 Novembala 2007 ndi pamene Mozambique inatenga magawo 85 italipira Portugal madola 700 miliyoni, Purezidenti Armando Guebuza nkulengeza kuti Cahora Bassa ndi yathu. Anthu anasangalala ndipo kunali koyenera kutero. Komatu damu la mamegawati 2,075 lili m'chigawo chathu chino, pomwe Ulongwe ndi Zobue kwa zaka zambiri ankayatsa magetsi ogula kwa ESCOM ya ku Malawi, ndipo mpaka pano pali midzi imene mawaya akuluakulu amangodutsa pamwamba, pansi pake ana akuwerenga ndi tochi ya foni.

Tsopano malasha, ndipo apa ndi pamene mtima umandiwawa kwambiri chifukwa izi zachitika tonse tikuona, nthawi ya mavoti ndi mawayilesi, osati ya atsamunda. Mu 2004 kampani ya ku Brazil ya Vale inapambana mwayi wokumba malasha ku Moatize. Tete anatchuka, mahotela kumera paliponse, lendi kukwera, malole usana ndi usiku, anyamata athu ambiri a kuno kumapiri anatsikira kumeneko kukasaka ntchito, ena anaipeza koma ambiri anabwerako chimanjamanja poti ntchito zabwino zinkafuna mapepala. Kuti mgodi utseguke, pakati pa 2009 ndi 2010 mabanja 1,365 a ku Chipanga, Bagamoyo, Mithete ndi Malabwe anasamutsidwa. Anawagawa, amene anawaona ngati a m'tauni anawapititsa ku bairo ya 25 de Setembro ku Moatize konko, amene anawalemba kuti ndi alimi, mabanja opitirira 700, anawapititsa ku Cateme, makilomita pafupifupi 40 kuchoka pa msika wa Moatize.

Taganizani moyo umene anthuwa anasiya. Anali kufupi ndi Revubwe, mtsinje womwewu umene umatsika kuchokera kumapiri a kwathu kuno. Chaka cha chilala dimba linkawapulumutsa, ankaumba njerwa nkugulitsa, kuotcha makala, kutola nkhuni, kugulitsa masamba pa msika woti ukhoza kupitapo wapansi kapena pa njinga nkubwerako tsiku lomwelo. Sanali olemera ayi, koma njira zopezera ya mchere ndi ya sopo zinali zambiri, ina ikatsekeka ina imatseguka. Ku Cateme analonjezedwa mahekitala awiri banja lililonse, analandira imodzi, kwina ya miyala yokhayokha, kwina yoti eni ake akale akuilimabe nde mwayamba kale kukangana ndi anthu amene mwawapeza. Nyumba zooneka bwino pa chithunzi, za malata ndi penti, posakhalitsa makoma kung'aluka, denga kudontha. Madzi kuvuta. Msika kutali, ya thiransipoti kuposa phindu la chimene ukukagulitsa. Ku Mwaladzi, kumene anapititsa anthu a ku mgodi wa Benga wa Riversdale imene inadzagulidwa ndi Rio Tinto, vuto la madzi linafika poti ankachita kuwabweretsera pa galimoto, galimoto ikapanda kubwera ndiye kuti kulibe.

Anthu sanayambe ndi chiwawa. Analemba makalata ku boma la distiritu ndi ku kampani, anapempha kukumana, anadikira. Pa 10 Januwale 2012 anthu mazanamazana a ku Cateme anakatseka njanji ya Sena, sitima ya malasha yopita ku doko la Beira nkuima. Boma linayankha ndi apolisi othana ndi zipolowe a FIR, anthu anamenyedwa, 14 anamangidwa. Koma tamverani chimene chinatsatira, mu Ogasiti chaka chomwecho boma linatulutsa Decreto 31/2012, malamulo a kasamutsidwe ka anthu pa ntchito zikuluzikulu ngati izi, kutanthauza kuti mabanja onse aja anachotsedwa dziko lisanakhale ndi ndondomeko yomveka yowatetezera, ndipo malamulo amene lero munthu wa ku Palma kapena wa ku Gaza angaimirepo akamachotsedwa pa malo ake anatuluka alimi a ku Cateme atalawa kale ndodo. Nyumba zija zinayamba kukonzedwa pambuyo pake. Mu 2013 oumba njerwa nawo anatseka njira zolowera ku mgodi pa nkhani ya chipukuta misozi.

Ena amati mlandu wonse ndi wa kampani. Inde ili ndi gawo lake lalikulu, koma kampani inabwera kudzapanga ndalama ndipo sinabise. Malamulo a dziko lino amati nthaka ndi ya boma, sigulitsidwa, nde amene amasaina kuti mudzi uchoke ndi munthu wa boma, amene analumbira kuti adzatumikira povo. Iyeyo ndi amene anayenera kupita ku Cateme anthu asanapite, atenge khasu akumbe aone ngati pangamere chimanga, agone m'nyumba imodzi mwa zimenezo mvula ikugwa, atunge madzi pa mjigo womwewo, akwere chapa kupita ku msika alipire ndi ndalama ya m'thumba mwake. Akanangoti "pano ine ndi ana anga sitingakhalepo" malo ena akanapezeka, chigawo cha Tete si chaching'ono. Kwa ine kudzichepetsa pa ndale ndi kumeneko, osati kugwada pa maliro nthawi ya kampeni, kugawa makapulana ndi matisheti, nkudzaonekanso patatha zaka zisanu.

Ndipo eni migodi amangosinthana. Rio Tinto inagula Riversdale mu 2011 pa madola pafupifupi 4 biliyoni, mu 2014 nkugulitsa migodiyo pa madola 50 miliyoni okha kwa ICVL ya ku India. Vale inamanga njanji yodutsa ku Malawi kupita ku Nacala, kenako mu 2022 nayo inachoka itagulitsa zonse kwa Vulcan pa madola 270 miliyoni. Iwo akaluza amalongedza nkukwera ndege. Wa ku Cateme alibe kobwerera poti munda wake wakale uli m'manja mwa mgodi, ndipo otsala ku Moatize akupuma fumbi la malasha, ufa ukayanikidwa pabwalo umada. Lamulo limati 2.75 peresenti ya msonkho wa zokumbidwa izibwerera kumadera kumene kuli migodi, kandalama kochepa kale poyerekeza ndi zimene zatuluka pansi, komabe kafunseni anthu a kumeneko kuti amene amasankha ntchito ya ndalamayo ndi ndani.

Mu 2016 zinthu ziwiri zinachitika nthawi imodzi. Kuno anthu opitirira 10,000 ankathawiranso ku Kapise m'boma la Mwanza ku Malawi chifukwa cha kuomberana kwa asilikali a boma ndi a Renamo, ena mwa iwo kachiwiri pa moyo wawo kusenza mtolo kuwoloka malire omwewo. Ku Maputo kunkaululika ngongole za madola pafupifupi 2 biliyoni za makampani a boma a EMATUM (yogwira nsomba za tuna), ProIndicus ndi MAM, zimene boma linadziika chikole nyumba ya malamulo isanavomereze. Mayiko othandiza anaimitsa thandizo, metikali inagwa, feteleza, sopo, mafuta zonse kukwera, mlimi wa mbatatesi wa ku Tsangano amene sanaonepo nyanja ya mchere nkumalipira maboti ogwira nsomba za tuna. Khoti la ku Maputo linagamula mu Disembala 2022, mwana wa purezidenti wakale Ndambi Guebuza anapatsidwa zaka 12, ndipo Manuel Chang amene anali nduna ya zachuma anapezeka wolakwa ku New York mu 2024. Zonsezi zinachitika pansi pa chipani chomwe chija cha woyamba pa kudzipereka. Ndipo a mbali inayo asadzitame, amene asilikali awo anawotcha midzi ndi kugwira ana kuti asenze katundu nawonso ali ndi zoti ayankhe kwa anthu a kuno. Ngakhale pa zionetsero zimene zinatsatira chisankho cha pa 9 Okutobala 2024, anthu mazanamazana amene anafa m'misewu ambiri anali achinyamata a m'mabairo, ana a anthu wamba.

Chimene chandilembetsa zonsezi ndi choti pempho lomwe lija likubweranso. Makilomita pafupifupi 60 kumunsi kwa Cahora Bassa akufuna kumanga damu lina, Mphanda Nkuwa, la mamegawati 1,500, ndipo mu Disembala 2023 boma linasainirana ndi EDF, TotalEnergies ndi Sumitomo. Magetsi dziko likuwafuna, ine sindikutsutsa, tonse tikufuna chigayo cha magetsi pafupi, firiji ya katemera pa chipatala, mwana aziwerenga usiku. Anthu a m'mbali mwa mtsinje ku Marara, Chiuta ndi Cahora Bassa adzauzidwanso kuti dziperekeni chifukwa cha dziko, ndipo ndikukhulupirira kuti ambiri adzavomera ngati zinthu zitayenda mwachilungamo, poti anthu a chigawo chino akhala akupereka kuyambira kale. Koma ulendo uno asanasamuke munthu ndi mmodzi yemwe, munda watsopano ulimidwe kaye nyengo yathunthu eni ake aone zokolola, mjigo uyesedwe mwezi wa Okutobala dzuwa litaswa mtengo osati nthawi ya dzinja, manda asamutsidwe mwa mwambo abale alipo, pangano liwerengedwe pabwalo m'Chinyungwe ndi m'Chichewa osati Chipwitikizi chokha, ndipo polo loyamba la magetsi lizikidwe m'mudzi wa osamutsidwawo asanazike lopita ku Maputo. Ndipo gavanala, maadministradolo, madeputado athu a ku Tete ndi mafumu amene adzavomereze alembe mayina awo poyera pa pepalalo, kuti makoma akadzang'aluka kapena mjigo ukadzauma anthu adzadziwe khomo loti akagogode.